Mng'ono wanga amayendetsa ndege, ndipo ankaopa kumwa madzi

Funso limeneli anafunsa ndi amama, ine sindikanayerekeza. Anali atabwera kuchokera ku Katete kudzaona adzukulu, nde tsiku lina madzulo tili pakhonde kwathu ku Chelstone mu Lusaka tikusadzula chibwabwa, kandege kakang'ono kanadutsa pamwamba pathu kakutsika kupita ku eyapoti. Kuno ndege timaziona tsiku ndi tsiku moti olo ana sathamangiranso panja, koma amama anasiya chibwabwa nkukayang'ana mpaka kanalowa kuseri kwa mitengo, kenako anatembenukira mng'ono wanga yemwe anali atangofika kuchokera kuntchito akadali mu yunifomu.

"Iwe mwanawe, tsono kumwambako ukafuna kutaya madzi umatani? Muli kachimbudzi m'menemuja?"

"Mulibe amama."

"Nanga tsono?"

"Sindimwa madzi basi. Ndikakhala ndi maulendo ndimamwa ndikatera komaliza."

Amama anangoti mmm nkubwerera ku chibwabwa chawo. Ine yankho lija ndinalimva bwino bwino ndipo ndinaliona ngati nzeru, kaili tonse ndi mmene timachitira tikamakwera basi ya ku Chipata pa Intercity, tiyi wam'mawa timamulumpha kuti tisavutike panjira. Palibe amene anati aaa iwe zimenezo si bwino. Tinaphika, tinadya, tinagona.

Unali mwezi wa June umenewo, kukuzizira. October atafika, nthawi imene ku chigwa cha Luangwa kumatentha kupitirira madigiri 40 ndipo alendo oona nyama amakhala ambiri, mng'ono wanga anandiimbira foni usiku akunjenjemera mawu, ati asisi bwerani msana ukundipha. Ndinamupeza thupi lili moto, akusanza, sakutha kuima mowongoka. Ku kiliniki anamuika dripi nkutiuza kuti matenda anayambira m'chikhodzodzo nkukwera mpaka ku impso. Dokotala, mzimayi wachikulire ndithu, anamufunsa kuti patsiku amamwa madzi ochuluka bwanji komanso amakodza kangati, iye nkuyankha motsitsa mawu kuti masiku a ntchito pena kamodzi m'mawa asanatuluke m'nyumba, kachiwiri madzulo akabwera. Dokotala uja anasiya kulemba nkumuyang'ana nthawi yaitali. Masabata atatu sanagwire chiwongolero cha ndege.

M'masabata atatu amenewo, ndikumuphikira phala, ndi pamene ndinayamba kufunsa zinthu zimene zaka zonsezi sindinafunsepo. Ndinkadziwa za mayeso ake, za ndalama zimene tinasonkherana banja lonse kuti amalize maphunziro, za chithunzi cha Yichida Ndlovu, mayi woyamba kuyendetsa ndege mu Zambia muno, chimene anadula m'nyuzipepala ali mwana nkumata pakhoma. Koma tsiku lake la ntchito mmene limayendera m'thupi mwake, ayi.

Ndege zimene amayendetsa ndi Cessna 206, ya mipando 6 kuwerengera ndi wake womwe, pena Cessna Caravan yokulirapo yonyamula anthu ngati 12. Mu 206 mulibe poimirira, m'lifupi mwake ndi mita imodzi ndi kakusefukira chabe, phewa lako limagundana ndi la munthu amene wakhala pambali pako, ndipo nthawi zambiri munthu ameneyo ndi mlendo amene wangomuona lero chifukwa mpando wakutsogolo nawonso amaugulitsa. Chimbudzi chikalowa pati? Ndipo ndege yaing'ono imawerengera kilo iliyonse, katundu amayeza, anthu amayeza, mafuta amayeza, nde chimbudzi ndi madzi ake chitha kudya malo a munthu mmodzi wolipira. Opanga ndegezi anangoti anthu adzadziwa okha chochita.

Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi maulendo ataliatali okha, ngati kupita ku Kalabo kapena kumpoto uko ku Kasama kumene kandege kotere kamatha maola awiri ndi theka kapena atatu m'mwamba. Iye anati ayi asisi, amenewo bola chifukwa umakonzekera. Tsiku loipa ndi la maulendo afupiafupi. Unyamuka pa eyapoti ya Kenneth Kaunda ma 07 hours, mphindi 30 kapena 40 watera ku Jeki ku Lower Zambezi, utsitsa anthu ukweza ena, uwuluka kupita ku Mfuwe, kuchoka apo kabwalo kena ka m'tchire, kubwerera ku Lusaka, kunyamukanso, mpakana 17 hours. Ku Mfuwe kuli nyumba ndi zimbudzi, koma timabwalo tam'tchire tambiri ndi mzere wa dothi chabe ndi mtengo wa mthunzi. Utatera, galimoto ya ku loji ili pompo, alendo akujambula, madalaivala akuyang'ana, iwe ndi amene ukutsitsa zikwama, kuyeza mafuta, kuzungulira ndege kuona ngati matayala ali bwino, ndipo nthawi yatha kale. Anzake aamuna amangozungulira kumchira kwa ndege, kufulatira anthu, mphindi imodzi zatheka, palibe amene amaona chachilendo. Iye kuti achite zimenezo afunika kulowa m'tchire ndithu, tchire lake la njovu ndi njati ndi mikango, ndipo maso a anthu khumi akumuperekeza kapiteni wawo akupita kukanjuta. Anati tsiku loyamba anayesa, atabwerako anapeza wina akumwetulira, basi kuyambira pamenepo anangosiya kumwa madzi.

Pali mwambi uja timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'ndege mulibe chitseko choti utsekule. Pa basi olo kondakitala akhale wovuta bwanji, azimayi akayamba kukuwa kumbuyo kuti imani tatopa, dalaivala amaima pena pake pa Kacholola kapena musanafike pa Luangwa Bridge, azibambo uku azimayi uku, chitenje chigwira ntchito yake. Pa mafiti 10,000 ungakuwire ndani, ndiwe wekha woyendetsa.

Ndipo thupi kumwambako silikuthandiza. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga pafupifupi theka la lita, ndipo chimayamba kukuitana chisanadzaze nkomwe. Ukamakwera kumazizira, pafupifupi madigiri 2 pa mafiti 1,000 alionse, ndipo tonse timadziwa mmene June amatidzutsira usiku kupita panja, kuzizira kumachulukitsa mkodzo. Onjezerapo khofi kapena tiyi amene oyendetsa ndege ambiri amamwa kuti maso atseguke m'mamawa, injini ikunjenjemeretsa mpando, lamba wakumanga pachinena penipeni, kenako masana dzuwa likatenthetsa nthaka mphepo imayamba kuiponya ndege m'mwamba ndi pansi ngati minibasi pa msewu wa mabampu. Anandiuza kuti ulendo wina akuchokera kumadzulo anafika pa Lusaka misozi ili m'maso, pa wailesi akumuuza kuti adikire kaye azungulire chifukwa kuli ndege yaikulu ikutera, iye mutu wonse uli pa chikhodzodzo, moti atatera anazindikira kuti pali zina pa mndandanda wa zoyenera kuona asanatere zimene anangodutsa osaziwerenga. Sizinavute tsiku limenelo. Koma pamene ankandiuza zimenezi ine m'mimba munangoti myuu, chifukwa kumbuyo kwake kunali anthu anayi amene sankadziwa kalikonse.

Nde onani pamene pali msampha. Ukamwa madzi, chikhodzodzo chikusokoneza nthawi yotera, nthawi imene ikufuna mutu wonse, ndipo madokotala amanenanso kuti pangozi chikhodzodzo chodzaza chimaphulika msanga lamba akachikanikiza. Ukapanda kumwa, mpweya wakumwamba ndi wouma, m'kandege masana mumatentha ngati mu uvuni chifukwa ndi magalasi okhaokha, thukuta likutuluka, pofika masana mutu ukuwawa, maso akulemera, kuwerengera kophweka kukukuvuta, ndipo choopsa nchakuti munthu wouma m'thupi sadziwa kuti nzeru zake zatsika, amangoona ngati watopa chabe. Zonse ziwiri zitha kugwetsa ndege. Kuwonjezera apo kusamwa madzi kumabweretsa timiyala ta mu impso, ndipo woyendetsa ndege akapezeka ndi timiyala timeneto amamuimitsa kuuluka mpaka madokotala atsimikize kuti tachoka, chifukwa ululu wake ukakugwira m'mwamba sungathe kugwira chiwongolero. Ndiye ambiri akamva kuwawa amabisa, kuopa kutaya satifiketi ya zaumoyo imene amayezetsa chaka ndi chaka. Kubisa pamwamba pa kubisa.

Chimene chinandipweteka kwambiri nchakuti njira zilipo, zakhalapo kalekale, kungoti palibe amene anakhala naye pansi nkumuuza. Iye akuti pa maphunziro ake onse anaphunzira za mitambo, za injini, za malamulo, za mmene khutu limanamizira munthu mumdima, koma za kukodza zinangotuluka ngati nthabwala za anyamata pa nthawi ya lanchi.

Azibambo ambiri amayenda ndi botolo la kukamwa kwakukulu la chotsekera cholimba, ena amagula lopangidwira ntchito yomweyo. Pali timatumba tapulasitiki tokhala ndi ufa mkati, mkodzo ukangolowa ufa uja umausandutsa phala lolimba ngati jele moti olo ndege igwedezeke sutayika ndipo fungo silimveka, ukamaliza umatseka nkukataya ukatera. Asilikali oyendetsa ndege zankhondo ndi amene anazolowera timatumba totere. Kwa azimayi pali kafanelo kopangidwa molingana ndi thupi lathu kolumikiza ku botolo kapena ku thumba lomwelo, ndipo pali matewera a akuluakulu, omwe aja timagulira odwala ku famasi. Anthu ouluka ndi ndege zopanda injini zija, amene ku Namibia ndi ku South Africa amatha tsiku lonse m'mwamba atagona chagada m'kabokosi kothina, amuna amavala kachipangizo konga kondomu kokhala ndi paipi yopita m'thumba kapena kunja, akazi amavala thewera, ndipo kwa iwo si nkhani yochititsa manyazi, ndi mbali ya kuvala basi ngati chipewa.

Ndege zina zokulirapo pang'ono, ngati King Air komanso zankhondo zakale, zili ndi kapaipi kokhala ndi fanelo pansi pa mpando, kotulukira kunsi kwa ndege, mphepo yothamanga kunjako ndi imene imakoka mkodzo nkuumwaza. Zimamveka zabwino koma amakaniko sazikonda olo pang'ono, mkodzo uli ndi mchere ndipo umadya chitsulo cha aluminiyamu, ndiye munthu akagwiritsa ntchito kapaipi kameneka ayenera kunena atatera kuti pansi pa ndege patsukidwe, apo ayi pakapita zaka mumapeza kumchira kwadyeka. Pamenepanso manyazi amalowa, munthu kukanika kuuza makaniko kuti ndinakodza. Ndipo kumwamba kwambiri kukazizira kapaipi kaja kamatha kuundana nkutsekeka, zonse nkubwerera kwa mwini wake.

Kukhala ndi botolo ndi kwina, kuligwiritsa ntchito uku ukuyendetsa ndege ndi kwinanso. Ndege zambiri zakale zazing'ono zilibe otopailoti, kachipangizo kothandiza ndege kudziyendetsa yokha, nde uyenera kuyamba waikhazika bwino kuti iziyenda yokha mowongoka kwa kanthawi, pamalo opanda mabampu, kutali ndi eyapoti kumene wailesi imalankhula kwambiri, ndipo osadikira mpaka zitafika pothina chifukwa pamenepo manja amanjenjemera. Lamba sumasula yense. Mpando sukankhira kumbuyo mwachisawawa chifukwa miyendo iyenera kufikabe pa mapedulo. Mwamuna zonsezi amazitha atakhala pansi. Mkazi wovala thalauzi la yunifomu, lamba atamumanga mapewa ndi m'chiuno, mlendo ali pambali pake, tanenani inuyo achita bwanji. Ku America akazi anawalola kuyendetsa ndege zomenyera nkhondo mu 1993, koma timatumba tija tinali topangira amuna, moti kwa zaka zambiri akaziwo ankachita zomwezi za mng'ono wanga, kudziumitsa dala asananyamuke, mpaka anadzapanga kachipangizo kovala mkati kokhala ndi kapampu ka batire kokoka mkodzo kupita m'thumba. Ngati dziko la ndalama ngati limenelo linachedwa chonchi kukumbukira kuti mkazi nayenso amakodza, kuli bwanji kuno.

Usiku wina akulephera kugona tinayamba kuwerenga limodzi pa foni nkhani za akale, ndipo ya Alan Shepard inamuseketsa koyamba chidwalireni. Ameneyu ndi munthu woyamba wa ku America kupita mumlengalenga, pa 5 May 1961. Ulendo wake unali wa mphindi 15 chabe nde akatswiri onse aja sanaganizeko za chimbudzi, koma kunyamuka kunachedwa, munthu anakhala chagada m'kachombo kaja maola opitirira anayi, mpaka anapempha kuti atuluke akadzithandize. Anamukaniza chifukwa kutsegula kukanachedwetsanso zinthu, mapeto ake anazimitsa kaye mawaya oyeza thupi lake nkumulola kukodzera mu suti momwemo. Mng'ono wanga anati asisi mwaona, anthu anatha kuwerengera njira ya roketi koma anaiwala chikhodzodzo. Ine sindinaseke kwambiri, ndinkangoona dripi ili pamkono pake.

Ina inali ya Robert Timm ndi John Cook amene ananyamuka ku Las Vegas pa 4 December 1958 ndi Cessna 172, kandege kocheperapo kuposa kamene iye amayendetsa, nkukhala m'mwamba masiku 64 osatera mpaka February 1959. Mafuta ankachita kukoka ndi paipi kuchokera pa galimoto yothamanga pansi pawo, chakudya kukweza ndi chingwe, ndipo chimbudzi chawo chinali kampando kopinda ndi matumba apulasitiki amene ankataya m'chipululu. Ndipo mu 2015 André Borschberg anauluka yekha ndi ndege yoyendera dzuwa ya Solar Impulse 2 kuchoka ku Nagoya ku Japan mpaka ku Hawaii, maola pafupifupi 118, koma iyeyu amisiri anali atamupangira chimbudzi mumpando womwe anakhalapo. Apo ndiye ndinati eya, awa anayamba aganiza za munthu asanaganize za mapiko. Ngakhale tindege timene timaona kunoti, tina tinachita kuuluka kuchokera ku Kansas ku America kumene kuli fakitale yake, kudutsa ku Goose Bay ku Canada, Greenland, Iceland, Ulaya mpaka kutsika mu Africa, woyendetsa ali yekha pakati pa matanki a mafuta owonjezera, atavala suti yarabala yothina yoti asafe ndi kuzizira akagwera m'nyanja. Anthu amenewo nkhani ya botolo amaikonza asanakonze china chilichonse, ndipo amaikamba poyera.

Ife kwathu sitikamba. Ndipo sindikunyoza ulemu wathu ayi, ndimaukonda, ndi ulemu womwewo umene umatipatsa mawu ofewa ngati kutaya madzi, kupambuka, kudzithandiza, kuti mkamwini athe kuchoka pamaso pa apongozi popanda kuchita manyazi. Koma mawu amenewo anapangidwira malo amene uli ndi kopambukira. Taganizani agogo aamuna amene akuwanyamula pa ndege ya odwala kuchokera kumudzi kupita ku Lusaka kapena ku Ndola, prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, yawavuta, pambali pali mpongozi wawo wamkazi amene akuwaperekeza ndi nesi wamsinkhu wa mdzukulu wawo, adzatsegula pakamwa kunena kuti ndapanikizika? Sadzanena. Adzalimbira mpaka zitayike zokha, ndipo manyazi amenewo adzawawawa kuposa matenda. Woyendetsa kapena nesi akangonena yekha poyamba musananyamuke kuti agogo m'ndege muno mulibe chimbudzi, tiyeni mupite kaye, ndipo zikakuvutani m'mwamba kathumba ndi aka chitenje ndi ichi ife tiyang'ana kutsogolo, munthu wamkulu uja wamumasula. Ine ndimaona kuti makampani onse a ndege zazing'ono ayenera kuika timatumba timeneti kuseri kwa mpando uliwonse pamodzi ndi tija tosanziramo, ndipo masukulu aziphunzitsa zimenezi m'kalasi, mphunzitsi ataima kutsogolo osaseka. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi masabata atatu a woyendetsa ali pabedi.

Amama titawaimbira kuti mwana wanu wagonekedwa anakwera basi tsiku lotsatira. Makilomita pafupifupi 500 kuchoka ku Katete, anafika milomo itauma gwa, ndinawapatsa madzi anamwa makapu atatu motsatizana ali chiimire. Atamva zimene dokotala ananena anakhala chete nthawi yaitali atagwira phazi la mng'ono wanga, kenako anati, "Tsiku lija unandiuza pakhonde ndinamva. Ndinakhala chete chifukwa nanenso ndi mmene ndimayendera, kuyambira dzulo madzulo sindinamwe kanthu. Ndimaopa kuimitsa basi, anyamata aja amakalipa." Zaka zonsezi akubwera kudzationa, ndi BP yawo, ndi mapilisi awo aja okodzetsa amene tsiku la ulendo ankangowasiya dala osamwa. Ifenso sitinkadziwa.

Manje mng'ono wanga anabwerera kuntchito. Amamwa madzi pang'ono pang'ono tsiku lonse m'malo momwa botolo lonse nthawi imodzi, khofi anamusiyira masiku opuma, amapita kuchimbudzi komaliza penipeni anthu atakwera kale olo wina ayang'ane wotchi, ndipo masiku a maulendo ataliatali amavala thewera, anandiuza yekha maso ali pa ine osaphethira. Pa timabwalo tam'tchire amauza dalaivala wa ku loji kuti atembenuze galimoto alendo ayang'ane uko, iye apita kuseri kwa ndege ndi chitenje, ati madalaivala achikulire amamvetsa msanga, wina mpaka amatsika nkuima chapatali atafulatira kuyang'anira nyama. Pouza anthu za malamba ndi zitseko asananyamuke amawonjezera kuti muno mulibe chimbudzi, ulendo ndi wa maola akuti, amene akufuna apite pano tidikira. Akuti pafupifupi ulendo uliwonse pamapezeka mmodzi amene amatsika mwachangu, kawirikawiri munthu wachikulire.

Kafanelo kaja tinachita kuitanitsa pa intaneti, kanatenga mwezi kuti kafike. Amama anakatembenuza tembenuza m'manja, anafunsa mmene kamagwirira ntchito, nkutenga chitenje chawo chakale cha ku Chigwirizano nkusoka kathumba ka zingwe koti muzikhala kafaneloko, timatumba tiwiri ta ufa tija, tishu ndi sopo. Kamakhala m'chikwama chake cha ntchito pamodzi ndi mahedifoni. Kenako anati tiwaitanitsirenso kawo.

Tsiku lobwerera ku Katete ndinawaperekeza pa Intercity ma 05 hours, ndinawagulira botolo lalikulu la madzi, mapilisi anamwera pamaso panga, ndipo ndinapita kwa kondakitala nkumuuza kuti amama awa akanena kuti imani muime. Mnyamatayo anati palibe vuto amami, nawakhazika kutsogolo pafupi ndi chitseko. Cha m'ma 09 foni inalira, anali iwo ali pa Luangwa Bridge, phokoso la ogulitsa nsomba zouma lili kumbuyo, ati ndatsika ndapita ndabwera, botolo lafika pakati, tsono tamuimbira mng'ono wakoyo umufunse ngati wamwa madzi lero, ine foni yake sikulowa, kaya ali m'mwamba.